Kusaka Mawu a Amayi m'Kaseti ya Ukwati wa Agnesi

Amayi anga,

Kaya kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Kuno tilipo ndithu, tikukankha. Ndine Maliko, mzime wanu. Ndikulemba ndili m'kachipinda kanga komwe kaja, kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Area 9, misewu iwiri yokha kuchokera pa geti limene munkalowera m'mawa uliwonse kukagwira ntchito. Nyumba imeneyo ili ndi anthu ena tsopano. Anakweza mpanda, ndipo mtengo wa mapeyala uja anadula. Ndimadutsapo popita kokwera minibasi, koma sindiima.

Ndiyambe ndi zabwino. Mphatso, mdzukulu wanu, mwana wa Agnesi, anachira nthawi yokolola ija. Ndi mwana wamkazi, wonenepa bwino, ndipo amutcha Velonika, dzina lanu. Makutu ndi a kwa bambo ake, koma kakwinyidwe ka pachipumi akamva njala n'kanu ndendende. Titapita naye kumudzi, abambo anamulandira m'manja, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamubweza kwa mayi ake n'kunena kuti akukaona mbuzi. Mbuzizo zinali zomangirira pomwepo pabwalo, tonse tikuziona.

Chimanga chaka chino sichinachite. Mbozi zinalowa chikadali m'maondo, ndiye mvula inadula chitangoyamba kumasula. Nkhokwe yangofika pakati. Mtedza wokha ndiwo watipepesa, makamaka munda wa kumunsi uja munkati ndi wanuwanu. Abambo miyendo imatupa kukazizira, diso lamanzere layamba ng'ala, koma mukatchula chipatala amasintha nkhani n'kuyamba kufunsa za mtengo wa feteleza. Ndimapita kumudzi ku Malingunde kamodzi pa mwezi. Timakhala pakhonde awiriwiri, aliyense kuyang'ana kwake, mpaka nthawi yoti ndikakwere imakwana.

Koma chimene ndakhalira pansi kulemba ndi china, ndipo ndikuchita nacho manyazi. Amayi, ndinayamba kuiwala mawu anu. Mvula yagwa kasanu pa manda anu, ndipo chaka chathachi ndinazindikira kuti zimene munkanena ndimazikumbukira zonse, koma kamvekedwe kake kanandithawa. Ndimakumbukira bwinobwino mukundipeza nditamasula wailesi ya abambo, n'kundiuza kuti, "Iwe Maliko, chinthu chikamalankhula chokha umachitseguliranji pamimba?" Ndimakumbukiranso zija za "mutu umenewo ndi wongosenzera chipewa?" Koma ndikati ndizimve m'mutu, amene amalankhula ndi ine ndemwe, apo ayi Agnesi. Ndinayesa kutseka maso, ndinayesa kuima pa geti lija, osatheka. Zinandiopsa kwambiri, ndipo sindinauze munthu.

Mlandu wina ndi wanu. Munthu akangokweza foni kuti akujambuleni, munkaphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje, amvekere, "Mukufuna mukandionetse kuti?" Kavidiyo kamodzi kamene ndinakuberani mukusenda mtedza kanapita ndi foni imene anandisolola ku depoti. Choncho m'banja lonse munalibe amene anali ndi mawu anu.

Ndiye mwezi wa Juni abambo anandituma kuti ndiwafunire kabuku kawo ka kuchipatala m'sutikesi yanu yabuluu. Pansi penipeni, mutakulunga m'duku, ndinapeza kaseti ya vidiyo ya ukwati wa Agnesi. Inde, ukwati womwe uja, ndi alamu aja amene dzina lawo sititchulanso pakhomo pathu. Nditamuimbira Agnesi, sanandilole n'komwe kumaliza.

"Kaotche," anatero. "Ine nkhope ya munthu ameneyo sindifuna kuionanso."

Ndinati, "Achemwali, mmenemu muli amayi."

Kenako anati, "Tenga. Koma usadzandionetse."

Kasetiyo inali itachita nkhungu yoyera m'kati, yooneka pa kagalasi kake. Ndinafunsa anthu odziwa, ndipo onse ananena chimodzi: tepi yotere ikhoza kuyenda kamodzi, kachiwiri n'kuduka kapena kusupuka. Ndiye kuti tsiku loionera koyamba linayenera kukhala lomwelo loikopera mu kompyuta. Nditalakwitsa tsiku limenelo, basi, ndakutayani kachiwiri.

Deki yoonetsera inalipo, ija anakusiyirani adona a ku Area 9 pobwerera kwawo. Zaka zonsezi inali pa kabati kumudzi, itafunda kansalu kanu koluka, maluwa apulasitiki pamwamba. Ndinabwera nayo pamiyendo m'minibasi, n'kuipukuta, n'kuisintha kalamba kamene kanatha, ndipo inadzuka. Ndinayesanso kupita kwa ojambula mavidiyo ku Old Town. Woyamba anaseka n'kuitana mnzake kuti adzaone kaseti. Wachiwiri anati ndiisiye, ndikabwere pakatha mlungu. Nditayang'ana kuseri kwa chitseko chake ndinaona mulu wa makaseti a anthu ena pansi, pafumbi, ena opanda ndi maina omwe. Ndinabweza yanu m'chikwama n'kutsazika.

Apa mundipirire, ndikufotokozereni za ntchito yanga, zija munkati mukazimva mutu umakuwawani. Kuti zithunzi zichoke mu deki n'kulowa mu kompyuta, pamafunika kathabwa kena kamagetsi kotchedwa kadi ya TV. Kamalowetsedwa m'mimba mwa kompyuta, ndipo kumbuyo kwake kumakhala mabowo olumikizira nthambo za deki, zachikasu ndi zofiira zija. Kompyuta yanga ndi yakale, ija anataya ku ofesi ine n'kuitola. Imayendera pulogalamu yotchedwa Linux. Imeneyi sigulitsidwa. Anailemba ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, aliyense kubwera ndi kake, monga mmene munkachitira amayi a m'mudzi pa maliro, wina kambale ka ufa, wina nkhuni. Aliyense ndi wololedwa kuitsegula n'kuona mmene ikuyendera. Mukuona nokha chifukwa chake ndinaikonda.

Vuto lake ndi ili. Ambiri opanga makadi a TV amangoganizira pulogalamu ina ija yogula, imene ili m'maofesi monse. Kwa ife a Linux, kadi imagwira ntchito pokhapokha ngati munthu wina kwinakwake anakhalapo nayo yofanana, n'kukhala pansi kulemba malangizo oti kompyuta izimvana nayo. Ngati palibe anachitapo zimenezo, kadiyo ngakhale ikhale yatsopano yonyezimira, kompyuta imangoiyang'ana. Anzanga a ku ofesi ku City Centre anati, "Man, ingoikani inayo, mukuzivutitsiranji?" Koma kompyuta yangayo ndi nkhalamba, singasenze inayo. Komanso makani anga mukuwadziwa, munawalera nokha.

Kadi yoyamba ndinagula m'sitolo ina ku City Centre nthawi ya nkhomaliro. Kanali kanthu kakang'ono ngati chala, kongobaya kunja, ndipo pa intaneti analemba kuti Linux imakadziwa. Ndinathamanga nako kunyumba mtima uli m'mwamba. Kanagwiradi ntchito. Koma nditatenga nthambo ya deki kuti ndilumikize, ndinapeza kuti kalibe bowo lake. Kanapangidwira ma TV amakono okhaokha, kolandira za mumlengalenga basi. Munthu wophunzira za makompyuta, amene munamulipirira sukulu ndi ndalama yochapa zovala za eni, kugula chinthu osayang'ana kumbuyo kwake! Mpaka lero kamandionetsa nkhani ndi maulaliki, zimene sindinakatume.

Yachiwiri ndinakaipeza mu msika waukulu, ku mzere wa zitsulo ndi zamagetsi, kupitirira amayi a nsalu aja. Ulendo uno ndinakonzeka. Ndinali nditalemba papepala maina a makadi amene anthu a Linux anati amayenda bwino. Ndinapeza bokosi la dzina lomwelo pa benchi ya mkulu wina wovala magalasi akuda.

"Iyi ndi orijino, bigi," anatero. "Imagwira pa kompyuta ina iliyonse. Olo pa wailesi ikhoza kugwira."

Mabowo analipo onse, ndinachita kuwawerenga. Ndinafika nayo kunyumba, n'kuilowetsa, n'kuyatsa. Zii. Kompyuta inkaona kuti mwalowa mlendo, koma osadziwa kuti ndi ndani. Ndinalimbana nayo masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinaizula n'kuiunika ndi tochi, ndipo ndi pamene ndinaona. Pakati pa kadi iliyonse pamakhala kanthu kakuda kamakona anayi kotchedwa tchipi, ndipo ndiko kamagwira ntchito yonse. Nambala ya pa tchipi imeneyi inali yosiyana ndi imene ndinkayembekeza. Kani opangawo amatha kusintha tchipi, dzina ndi bokosi n'kusiya zomwezo. Nditabwerera kwa mwini benchi uja, anangokweza mapewa n'kunena kuti, "Ndiye kuti yavuta ndi kompyuta yanuyo, bigi."

Pobwerera, ndili pa mlatho, ndinakukumbukirani mukugula nyemba mu msika womwewo. Simunkayang'ana za pamwamba. Munkapinda dzanja la bulauzi n'kupisa mpaka m'chigongono, n'kuvuula za pansi, wogulitsa akung'ung'udza. Ine ndinkachita manyazi n'kuima patali ngati sindikukudziwani. "Ukagula ndi maso okha udya anankafumbwe," munkatero tikutuluka. Tsiku limenelo ndinataya pepala la maina n'kulemba lina la manambala a matchipi okhaokha.

Masiku atatu a Loweruka otsatizana ndinazungulira msika ndi timasitolo ta m'mbali mwake, pepala kudzanja ili, kagalasi kokuzira zilembo kudzanja linalo. Paliponse ndinkati, "Tsegulani bokosi ndione m'kati." Ena ankakana, ena ankatsegula monyinyirika. Pofika Loweruka lachitatu anali atandipatsa dzina. Ndikangotulukira, wina ankakuwa kuti, "Abwana a manambala aja afika, bisani mabokosi!" Ndinkaseka nawo, koma pobwerera m'minibasi ndinkangoti ndwii, poganiza kuti nkhungu ija siikudikira ine.

Amene anandithandiza ndi a Chisale, bambo wachikulire wokonza mawailesi ndi ma TV, amene kashedi kawo kali kumapeto kwenikweni kwa mzerewo. Iwo sanaseke. Anandikokera kampando, n'kutulutsa katoni pansi pa tebulo, yodzaza ndi zam'kati mwa makompyuta akufa. "Funani nokha, achimwene," anatero, "maso anga manambala ang'onoang'ono anasiya." Ndinafufuza pafupifupi ola lathunthu. Chakupansi ndinapeza kadi yopanda bokosi, yopanda dzina looneka, yafumbi, mazira a mphemvu ali m'makona. Nditapukuta tchipi ndi malaya, nambala yake inali yachitatu pa pepala langa. Ndinaiwerenga katatu.

A Chisale anandifunsa chimene ndinkavutikira chonchi ndi chinthu chimene anthu anasiya kalekale. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinawauza zonse, zimene sindinauze ngakhale Agnesi. Anamvetsera akupukuta sikuludalaivala. Kenako anati, "Ine mayi a kunyumba anandisiya chaka chachisanu ndi chitatu chino. Chimene ndili nacho ndi kachithunzi ka pa chiphaso basi." Anatembenuka n'kutenga kaseti ina pa shelefu, ya kwaya ina yakalekale. "Musakayambe ndi ya mayi anu. Kayeseni kaye iyi. Ikaduka iyi palibe alire."

Amayi, bambo amenewo Mulungu awadalitse. Nditalowetsa kadi ija, kompyuta inaizindikira nthawi yomweyo, n'kuitchula ndi dzina lomwe. Ndinaika kaseti ya kwaya. Zithunzi zinabwera bwinobwino, anthu atavala mikanjo yofiirira, akugwedezeka, pakamwa pali yasa. Koma mawu kunalibe, ngakhale kakunong'ona. Ndinakopera mphindi khumi, n'kubwereza kuonera, osamveka kanthu. Ndikanayamba ndi yanu, bwenzi nditakukoperani muli duu, tepi n'kutha.

Lolemba ndinathawa ku ofesi masana. A Chisale atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinaiwala ine! Makadi akale amenewa mawu sapita okha. Pamafunika kachingwe kotulutsa mawu pa kadipo n'kuwalowetsa pa bowo lina la kompyuta yomweyo." Anafufuza m'chitini cha misomali n'kutulutsa kachingwe kosakwana ndi chikhatho chomwe. Madzulo ake kwaya ija inaimba m'chipinda mwanga mpaka agalu a eni nyumba anayamba kuuwa.

Ndinasankha Loweruka lapitali, m'mawa. Ndinabwereka batire la ku ofesi kuti magetsi akathima tepi isakodwe m'kati. Ndinatseka chitseko, n'kuzimitsa foni. Ndinapemphera, ngakhale sindikudziwa ngati anthu amapempherera zinthu ngati zimenezi. Kenako ndinakankha kaseti, deki n'kuimeza.

Poyamba panali mizeremizere, kenako geti la tchalitchi chathu linaonekera. Mitundu inali itafwifwa, koma anthu ankadziwika. Ndinadziona ndekha, kamnyamata koonda m'malaya obwereka ofika m'maondo. Ndinaona abambo tsitsi lili bii, akuyenda mothamanga. Ndiye inu munatulukira, Amayi, mutavala chilundu chobiriwira, duku lake lomwelo, mukukonza kolala ya abambo uku mukuyenda. Ndinagwira tebulo.

M'tchalitchi munakhala kutali ndi kamera, ndipo kwaya inaphimba zonse. Ndinadziuza kuti palibe kanthu, ku holo mukalankhula. Zaka zonsezi ndinkakhulupirira ndithu kuti tsiku limenelo munagwira maikolofoni n'kumulangiza Agnesi pamaso pa anthu. Ndinkachita kukuonani m'maganizo mutaima kutsogolo. Ku holo analankhula ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Analankhula amalume, nthawi yaitali ngati mwa masiku onse. Analankhula abambo, analankhula mkulu wa mpingo, analankhula ngakhale bwana wa kuntchito kwa mkwati. Inu munali pampando wanu, manja pamiyendo, mukugwedeza mutu. Ndinali nditaiwala kuti kwathu kuno mayi wa mkwatibwi sapatsidwa maikolofoni. Zanu munali mutanena kale kuchipinda, kumene kamera siloledwa.

Munaimba nthungululu, ndinaona dzanja lanu pakamwa, koma munali amayi makumi awiri nthawi imodzi, ndipo sindinathe kupatula yanu. Pa perekaniperekani munavina, Amayi, munavina zoti sindinkadziwa kuti mumatha. Munawerama n'kumuuza Agnesi kanthu kukhutu, iye n'kuseka, koma zimasipika zinali pa mapeto. Milomo yanu inkayenda, ine n'kumamva gitala. Kenako kamera itabwereranso kumene munakhala, mpando unali wopanda munthu. Munali mutapita kuseri, kumapoto.

Maola awiri anatha choncho. Tepi inayamba kulira ngati khoswe, zithunzi zikudumphadumpha. Anthu m'holo anayamba kutuluka. Ndikuuzeni zoona, ndinakwiya nanu. Miyezi itatu ndikuzungulira msika, anthu akundiseka, inu osanena ngakhale liwu limodzi. Ndinatambasula dzanja kuti ndiimitse, koma ndinati ingotha yokha.

Ndiye wojambula uja anatuluka panja, ndipo zikuoneka kuti anaiwala kuzimitsa. Kamera inali lende m'dzanja, ikujambula pansi. Ndinaona fumbi, nkhuni zopserera, mabeseni, galu akudutsa. Kenako mapazi awiri m'patapata, m'mphepete mwa chilundu chobiriwira. Nsapato za ukwati zija munali mutavula. Ndipo pafupi penipeni, ngati muli m'chipinda momwemo, munati:

"Bambo a kamera inu, chiyambire m'mawa muli chiimire. Mwadya?"

Iye anati wadya.

"Ayi, musandinamize, milomo yauma iyo. Zimitsani chinthucho, mukhale apa mudye kaye."

"Ndijambuleko pang'ono kuno, mayi."

"Mujambula chiyani kuno, mapoto? Zimitsani."

Ndipo anazimitsa. Pa kompyuta panangotsala buluu.

Ndinayamba ndi kuseka, chifukwa munthu amene anadula mawu anu ndinu nomwe. Kenako ndinalira, kulira kwenikweni kumene sindinalire ngakhale pa maliro, paja tsiku lija ndinali wothamangathamanga ndi za bokosi ndi galimoto. Mawu anu ndi okwera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo anali osasa pang'ono chifukwa cha utsi. Mumakoka "mwadya" kumapeto, ngati funsolo mwaliyankha kale nokha. Zimenezi ndinali nditaziiwaliratu.

Pobweza tepi kuti ndiitulutse, inaduka. Inatuluka ikuyoyoka fumbi lofiirira. Koma zonse zinali zitalowa kale mu kompyuta, ndipo ndazisunga malo atatu osiyana. Ndinayeza kagawo kanuko, sikakwana ndi theka la mphindi lomwe.

Ndinadula kokhako, kopanda nkhope ya munthu aliyense, n'kumutumizira Agnesi. Anandiimbira patapita kanthawi. Sanapereke ndi moni womwe. Ndinkangomva kupuma kwake, ndi Velonika wamng'ono akulira chapatali. Kenako anati, "Maliko, ndi amayi enieni," n'kudula.

Mlungu uno ndikaweruka ndimafika kuno dzuwa likulowa. Dera lino mukulidziwa, mipanda yokhayokha, munthu ukhoza kudwala mlungu wathunthu woyandikana naye osadziwa. Chizolowezi changa chinali choti ndikalowa ndimakhala pa kompyuta mpaka tulo, nthawi zina ndi tiyi ndi banzi basi, poti kuphikira munthu mmodzi kumagwetsa ulesi. Tsopano ndimayatsa, n'kutsegula kagawo kaja kamodzi kokha. Mumandifunsa ngati ndadya. Mumati ndisakunamizeni. Mumati ndizimitse chinthucho. Ndikudziwa kuti munkauza munthu wina, bambo amene dzina lake sindilidziwa n'komwe, koma m'chipinda muno mulibe wina woti ayankhe. Ndiye ndimazimitsa, n'kukayatsa mbaula.

Abambo sanakamvebe kagawoka. Ndikupita Loweruka, ndipo ndikawaikira pakhonde paja, foni ndikaigwira ine pafupi ndi khutu lawo. Ndikuopa, koma ndikachita, ndipo akafuna kukaona mbuzi ndikawasiya apite. Ndikukulonjezani zimenezo. Ndikulonjezanso kuti mukandifunsa mawa madzulo, sindikunamizani.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Maliko